Dzino Limene aMbewe Analibe

Mwezi watha tinakavundukula mwala pamanda a apongozi anga, bambo Yotamu Mbewe, ku Mabvuku, kuno kudziko la olankhula Chishona, kutali ndi kwathu ku Malawi. Mwalawo unachedwa zaka zambiri, ndipo usanasemedwe n'komwe unabutsa mkangano. Adzukulu amene ali ku Joni ankafuna kuti pamwalapo pamatidwe chithunzi cha agogo awo, monga akuchitira anthu masiku ano. Chithunzi chooneka bwino anachipeza chimodzi chokha: aMbewe atavala tayi, akuseka, mano ali mbee, onse okwanira. Nditachiona pafoni ndinati, "Ana inu, mukamata chimenecho, agogo anu adzuka adzachikanganule okha." Anandimvera. Pamwalapo pali dzina ndi vesi basi. Koma anandifunsa chifukwa chake, ndiye ndikulemba izi.

Ndinakwatiwa ndi mwana wawo Filimoni nkhondo yomenyera ufulu itayamba kale kumidzi. Kwathu ku Ntcheu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma kuno nyumba ndi ya amene khonsolo yamulemba, choncho ine ndi amene ndinanyamula sutikesi kukalowa m'kanyumba kawo ku Tafara. AMbewe anali munthu wamfupi, wa makutu akuluakulu, khukhi kwa mzungu wina ku Highlands, ndiponso mkulu wa mpingo amene mowa sanaulaweko. Dzino lakutsogolo lam'mwamba analibe. Linatsala panjira ya ku Tete pamene ankabwera kuno wapansi ali mnyamata, ndipo nkhani ya mmene linatsalira inkasintha chaka ndi chaka. Nthawi zina linachoka ndi bulu, nthawi zina ndi msilikali wa Chipwitikizi.

Munthuyu sankalola chitini kapena paketi kudutsa m'nyumba osaizenga mlandu. Masiku amenewo azungu a kuno anali atakangana ndi anzawo a ku Mangalande, katundu wakunja sankabweranso, ndipo mafakitale a ku Msasa ankapanga zawozawo n'kuziveka mitundu ya zakunja zija. AMbewe ankanyamula chitini cha jamu, n'kuchizunguza pang'onopang'ono ngati sing'anga, n'kunena kuti chitinichi chili ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta atabwereka jekete. Akaona chithunzi m'nyuzipepala, ankaika chala m'mphepete mwake n'kufunsa kuti kupitirira pamenepa panali chiyani, nanga anadulapo ndani. Anali ndi kachidutswa ka katoni kobooledwa pakati ngati windo. Mlendo aliyense ankasuziritsidwa pamenepo. Akalozetsa kawindoko pa maluwa a pakhomo, nyumba yathu inkaoneka ngati ya ku Highlands. Akakasuntha pang'ono, unkaona chimbudzi ndi ngalande.

Ine ndinagwidwa sabata yoyamba. Ndinali ndi kabotolo ka mafuta oyeretsa khungu, kokhala ndi chithunzi cha mayi woyera ngati mkaka. Mpongozi salankhula ndi mtengwa maso ndi maso, choncho aMbewe anaitana akazi awo, aNankhoma, ine ndili chiimire pomwepo.

"Mayi, afunseni aNamwale ngati dona ali pakabotoloyu anayera ndi mafutawa kapena anabadwa choncho."

ANankhoma anatembenukira kwa ine. "Mwamva."

"Sindikudziwa, bambo," ndinayankha ndikuyang'ana pansi.

"Auzeni kuti nanenso sindikudziwa. Koma auzeni kuti mwana wanga anakawatenga ali akuda, ndipo sanadandaule."

Kabotoloko kanathera kudzozera mahinji a chitseko.

Musaganize kuti anali oyera mtima pa zimenezi. Atasiya ukhukhi anayamba kuphika tsabola wa kambuzi n'kumagulitsa m'mabotolo pa siteji ya basi. Mabotolo ena ankamanga kansalu kofiira pakhosi, ena kobiriwira. Anthu ankalumbira kuti wobiriwirayo ngofatsa, woyenera ana ndi odwala m'mimba, ndipo wofiirayo ngwa amuna enieni. Ine ndi amene ndinkatsuka poto, ndipo poto wake anali mmodzi. Tsiku lina ndinawauza aNankhoma kuti awafunse ngati limeneli si bodza. Anayankha kuti iwo sananenepo kanthu, nsalu ndi imene imanena, ndipo mpingo sungaimitse nsalu.

Pa chizindikiro cha tsabolayo anakangana mwezi wathunthu ndi mnzawo aZuwawo, mkulu wa ku Tete amene ankalemba zikwangwani za ometa tsitsi ndi okonza njinga. AZuwawo ankafuna kujambula mkango, kapena mtsikana wokongola akumwetulira.

"Mkango unadyapo tsabola liti?" anafunsa aMbewe.

"Nanga mtsikana?"

"Munthu wodya tsabola wanga samwetulira. Jambulani bambo akulira, kukamwa kuli yasa, misozi ili chuchuchu."

"Achimwene, malonda sagulitsidwa ndi maliro."

"Jambulani."

AZuwawo anasema chidindo pa labala wa tayala. Tsoka lake, nkhope iliyonse imene iwo ankajambula inkatuluka ngati ya mbuzi. AMbewe anakwiya, koma anadinda choncho chifukwa tayala lina panalibe. Posakhalitsa Tafara yense ankafunsa tsabola wa mbuzi yolira. Mayi wina wa ku Mabvuku atayamba kugulitsa wake wokhala ndi mbuzi yolira yovala chipewa, aMbewe anayenda wapansi kukamuuza kuti kuba nkhope ndi tchimo lalikulu kuposa kuba nkhuku. Pa mawu amenewo anali ndi ufulu wolankhula, pakuti iwo eni nkhope yawo inabedwapo.

Zinali chonchi. Bwana wawo wa ku Highlands ankagwira ntchito pa kampani yopanga zotsatsa malonda. Loweruka lina, ine ndisanakwatiwe, anabwera ndi mzungu wonenepa wonyamula kamera. Anawatulutsa aMbewe m'khitchini, kuwaveka jekete ndi tayi, n'kuwaimika m'maluwa. Anati akungoyesa kamera yatsopano.

"Seka, Yotamu," anatero bwanayo.

AMbewe anatseka pakamwa kuti mba, chifukwa cha mpata wa dzino uja. Anawanyengerera, anawakalipira, koma ayi. Kenaka wonenepa uja ananjuta kuti awajambule chochokera pansi, ndipo buluku lake linangoti kwaa, kuchokera palamba mpaka pakati pa miyendo. AMbewe anaphulika nako kuseka. Kamera inati khethe. Jekete ija anawapatsa, ndipo nkhaniyo anaiiwala.

Ndili ndi miyezi yochepa pabanja, m'mawa wina tinadzuka n'kupeza chikwangwani chachikulu ngati khoma la nyumba chitaimikidwa pa siteji, moyang'anana ndi bawa, nyumba yomwera mowa. Pamenepo panali aMbewe. Mano onse okwanira. Dzanja lovala wotchi litakweza botolo la mowa watsopano wotchedwa Mhofu. Ndipo mtsikana wa siketi yofika pamwamba pa maondo anali atawatsamira, zala zake za zikhadabo zazitali zili paphewa pawo. M'munsi analemba m'Chishona kuti umenewu ndi mowa wa amuna opambana.

ANankhoma anachiona akuchokera kumsika. Anafika kunyumba dengu la tomato lidakali pamutu, ndipo sanalitule mpaka madzulo pamene amuna awo analowa.

"Ndani ameneyo?"

"Mayi, sindikumudziwa. Sindinamuonepo."

"Simukumudziwa, koma wakutsamirani ngati mtondo wa amake?"

"Amumatapo ndi guluu. Taonani dzinolo. Ine dzino limenelo ndili nalo?"

"Kaya. Mwina mumavala mukamapita kwa iyeyo."

Usiku umenewo ndi masiku ambiri otsatira aMbewe anagona pa mpando.

Lamlungu bwalo la akulu a mpingo linawaimitsa kudya mgonero. Iwo anapempha chinthu chimodzi, kuti akuluwo akaone okha umboni. Ndiye atatuluka m'tchalitchi, abusa ndi akulu onse, majekete akuda, Mabaibulo m'khwapa, anandandalika kutsogolo kwa bawa, makosi ali m'mwamba, akuyang'anitsitsa mtsikana wa siketi yaifupi. Oledzera anatuluka n'kumaomba m'manja. AMbewe, ndodo ili m'manja, ankaloza: mthunzi wa mtsikanayo wagwera uku, wawo wagwera uko, chala chawo chachikulu chili ndi chipsera cha mafuta otentha, cha pachikwangwanicho n'chosalala ngati cha kalaliki, wotchi sanakhalepo nayo chibadwire. Mkulu wina wokalamba anakwera padiramu kuti aone bwino, ndipo anachedwa kutsika mpaka abusa anatsokomola. Anawabwezera udindo, koma anawalangiza kuti asamasekenso pamaso pa azungu. ANankhoma okha ndi amene sanagonje. Tsiku lililonse popita kumsika ankaima pansi pa chikwangwanicho, manja m'chiuno, kumuwerenga mtsikanayo kuyambira tsitsi mpaka nsapato. M'lokeshoni monse aMbewe anasanduka Sekuru Mhofu, ndiye kuti agogo Mhofu, ndipo zidakwa zinkawachitira sawasha.

Tinaseka nazo zimenezi kwa nthawi ndithu. Kenaka nkhondo inakula. Anthu othawa kumidzi anadzaza kuseri kwa nyumba zathu, akugona m'makhitchini mwa abale awo. Mmodzi wa iwo, wochokera cha ku Mutoko, anabwera ndi kapepala kamene ndege za boma zinkamwaza kumeneko. Pakapepalapo panali aMbewe, kuseka komwe kuja, tayi yomwe ija. Botolo panalibe, mtsikana panalibe. M'malo mwake panali msilikali akuwagwira chanza, ndipo mawu ake ankati anthu okonda mtendere amaulula kumene kwabisala anyamata a m'tchire.

Amene sanakhaleko nthawi imeneyo sangadziwe kulemera kwa liwu lakuti mutengesi, wogulitsa anzake. Munthu akatchulidwa choncho, abale ake ankayamba kufunafuna matabwa a bokosi la maliro. Ifenso tinali ochokera ku Malawi, amene anthu ankatinena kale kuti timakonda azungu, ndipo tinalibe mudzi kuno wothawirako. Oyandikana nawo analeka kudzapempha mchere. Mnyamata amene ankachita lendi chipinda chakuseri anasamuka osatsazika. AMbewe anakafunsa bwana wawo, ndipo iye anangokweza mapewa n'kuti chithunzi ndi cha kampani, kampani imagulitsa kwa amene yafuna.

Anabwera Lamlungu masana, titangomaliza kudya. Anali anyamata atatu achilendo, mmodzi dzanja lili m'thumba la chikhoti ngakhale kunkatentha. Filimoni anali kuntchito. Ine ndinaima pakhomo la khitchini, mwana ali kumbuyo. Wamkulu wawo, wamtali, wolankhula motsitsa, anapereka moni waulemu m'Chishona, akuwatchula aMbewe kuti mudhara, ndiye kuti madala, anakhala pansi, n'kuyala kapepala kaja patebulo.

"Mudhara, ndinu awa?"

AMbewe anakayang'ana kapepalako. "Mutu ndi wanga, mwanangu. Zinazo n'zobwereka."

"Msilikaliyu munakumana naye kuti?"

"Sindinakumane naye. Taonani." Anayasamula n'kuloza mpata uja. Anayamba kufotokoza za mithunzi ndi guluu monga anachitira ndi akulu a mpingo, koma mawu ankawathawa, Chishona chikusakanikirana ndi Chichewa.

"Dzino limachoka tsiku lililonse, mudhara," anatero wamtaliyo. "Tiyeni tikakambirane panja."

Pamenepo aNankhoma anatuluka kuchipinda. Kapepalako anali asanakaone, chifukwa tinkawabisira. Anakatsomphola patebulo, kukafikitsa pamphuno, n'kukuwa.

"Hule uja ali kuti?"

Anyamata aja anayang'anana.

"Ndikuti ali kuti? Amuchotsa, aikapo msilikali! Koma zala zake ndi izi! Tabwera kuno iwe, taona paphewapa."

Wamtali uja anadzuka, mwina chifukwa cha ulemu, mwina chifukwa aNankhoma anali atamugwira kale mkono. Paphewa la aMbewe panali nsonga za zala, zikhadabo zazitali. Wodula chithunzi uja anaziiwala.

"Msilikali wakoyu dzanja limodzi wapereka moni, lina lagwira mfuti. Nanga izi n'za yani? Ali ndi manja atatu? Amapenta zikhadabo? Ine zala zimenezi ndaziyang'ana tsiku ndi tsiku chiimikireni chikwangwani chija. Ndingazidziwe ngakhale mumdima. Ngati mwabwera kudzawatenga bambowa, atengeni, koma muyambe mwawafunsa kumene akumusunga mtsikanayo, chifukwa ine andikanira mpaka lero!"

Wamng'ono pa atatuwo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Wachikhoti uja anati, "Ndi Sekuru Mhofu aja a pa siteji," ndipo anatulutsa dzanja m'thumba kuti aone bwino kapepalako. Wamtali anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhalanso pansi.

"Chabwino, mudhara. Nanga apa munkaseka chiyani?"

AMbewe anafotokoza za mzungu wonenepa. Poona kuti akumvetsera, anadzuka, ananjuta pakati pa chipinda monga ananjutira iye, n'kuchita kwaa ndi pakamwa. Anati dziko lonse, kuyambira ku Mutoko mpaka ku Bulawayo, lakhala likuonerera munthu akuseka matako a mzungu, boma n'kumalipira ndege zomwazira. Anyamata aja anaseka mpaka wamng'onoyo anakhala pansi pasimenti. Koma potuluka wamtali uja sankasekanso. Anati nkhope imeneyo isaonekenso pa siteji sabata isanathe, ndipo ntchito ya ku Highlands ithe. Anati iwo amva, koma si onse amene adzabwere kudzafunsa kaye.

Atapita, aMbewe anakhala pampando. ANankhoma anawabweretsera madzi, anawagwirira kapu iwo akumwa, kenaka anati, "Musaganize kuti nkhani ya mtsikanayo yatha."

M'mawa mwake aMbewe anavala yunifolomu yawo yoyera ya ukhukhi, yositidwa bwino, ndi chipewa chake chachitali. Anabwereka makwerero ndi chitini cha penti yakuda kwa aZuwawo, n'kupita pa siteji dzuwa lili pamutu, anthu ali piringupiringu. Ife tinawatsatira chapatali. Atangotsamiritsa makwerero, apolisi awiri anaima ndi njinga zawo.

"Mukuchita chiyani, mudhara?"

"Bwana wandituma," anayankha aMbewe osatembenuka n'komwe.

Apolisiwo anayang'ana yunifolomu, anayang'ana chipewa. Munthu wovala zoyera chotero, masana, ndi makwerero, sangakhale wosatumidwa ndi mzungu. Mmodzi anatsika panjinga n'kuwagwirira makwerero kuti asagwe.

AMbewe anakwera, anaviika burashi, n'kudetsa dzino limodzi lakutsogolo lam'mwamba. Anatsika, anabwerera m'mbuyo, anapendeketsa mutu, n'kugwedeza mokhutira.

"Bwana wanu akufuna zimenezo?" anafunsa wapolisi.

"Akuti ndiye sitayilo yatsopano."

"Mtsikanayo!" anakuwa aNankhoma ali pakati pa anthu. "Yambani kumiyendoko!"

Anakweranso, ndipo anamupenta yense bii, wapolisi akusunthira makwerero uku ndi uku. Penti inathera pa mtsikanayo, moti nkhope yawo inatsala ikuseka ndi mpata wake. Ine ndinachita mantha kuti lamulo la anyamata aja silinakwaniritsidwe. Koma aMbewe anati tidikire, palibe kampani imene ingalole munthu wopanda dzino kuigulitsira mowa. Lachinayi lisanafike, lole inabwera n'kuchotsa chikwangwani chonse.

Ku Highlands anakatsazika sabata yomweyo. Bwana anadabwa kwambiri, akuti, "Koma Yotamu, ndinakutchukitsa." Ntchito imeneyo anaigwira zaka zambiri, ndipo inali yodyetsa nyumba yonse. Miyezi yotsatira tinadya masamba a maungu opanda mafuta, mpaka mbuzi yolira ija inayamba kuyenda. Sanalolenso kujambulidwa. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, pachithunzi cha banja pali chipewa chawo chokha, atachiphimba kumaso. ANankhoma anamwalira patsogolo pawo, ndipo m'chipatala, tsiku lomaliza, anawauza kuti za mtsikana uja anadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti n'zabodza, koma mwamuna amafunika kukhala ndi mlandu umodzi wosatha kuti asamadzimve.

Ufulu utabwera Filimoni anagula kanema. AMbewe anakana kukhala nafe pa sofa. Anakoka mpando wawo wachitsulo n'kuuika pambali pa kanemayo, chakukhoma, moyang'ana ife. Ankati za m'bokosimo akuzidziwa kale, chimene akufuna kuona ndi nkhope za anthu pamene akunamizidwa. Otsatsa sopo kapena mankhwala akayamba, iwo ankationerera mmodzimmodzi, ndipo akaona wina pakamwa payamba kutseguka, ankafwenthera mokweza, tonse n'kuchita manyazi. Maso atachita khungu m'zaka zawo zomaliza, ankamvera mawu okha, koma kufwenthera kunkabwerabe pa nthawi yake. Anamwalirira pampando pomwepo masana ena, ana akuonera mpira.

Pogawa katundu wa malemu, mpandowo anatenga mphwawo wa ku Glen Norah. Pamalopo patsala timaenje tinayi m'simenti, pamene miyendo yachitsulo inadya pansi. Ndikamapaka polishi wofiira, timadzaza, ndipo ndimachita kutokosa ndi kamtengo. Palibe amene anaikapo mpando wina. Masiku madzi akavuta timaikapo zidebe, akabwera timazichotsa, pamakhalanso pambalambanda. Madzulo timakhala pa sofa tonse kuyang'ana mbali imodzi, otsatsa malonda amalankhula mpaka kumaliza popanda wowadula. Sabata yatha ndinagula mafuta opaka m'maondo amene ndinaona gogo wina akuvina nawo pa kanema. Maondo akupwetekabe.